Funsani Anamwino: Mkodzo ukamangotuluka wokha, titani?

Mwezi uno mauthenga abwera ambiri pa nkhani imodzimodzi, ndipo pafupifupi aliyense wayamba ndi mawu oti "chonde musatchule dzina langa". Osadandaula, sinditchula. Nkhani ya kudzikodzera anthu amaibisa kuposa matenda ena onse amene ndakumana nawo pa ntchito yangayi, munthu amatha kubwera kuchipatala nkunena za mutu, za msana, za kusowa tulo, nkuima pakhomo akutuluka ndiye nkumati "komanso sisita pali kena kake". Kena kakeko ndi kamene tikambe lero. Ndasankhapo makalata asanu ndi imodzi chifukwa olo onse akunena za mkodzo, mavuto ake ndi osiyana ndipo chithandizo chakenso nchosiyana.

FUNSO: Anamwino, ndine mayi wa ana atatu ndimakhala ku Area 25. Apongozi anga akazi adachita sitiroko chaka chatha, mwendo ndi mkono wakumanja sizigwira bwino ndiye tinakawatenga kumudzi tikukhala nawo. Vuto ndi loti akumadzikodzera, usiku ndiye osanena, mmawa uliwonse ndimachapa mabulangete, matiresi afika ponunkha moti alendo timangowalandirira panja. Amuna anga akuti ndi ukalamba basi palibe chochita, alamu anga akuti amachita dala chifukwa masana pena amatha kuitana. Ine ndayamba kuwamana madzi ndi tiyi ikangokwana 12 koloko masana kuti mwina zichepe koma fungo ndiye lawonjezeka. Ndatopa, pena ndimawakalipira kenako nkumalira ndekha kukhitchini. Nditani?

YANKHO: Mayi, choyamba pepani, ndipo musadzione ngati woipa mtima chifukwa mwatopa, ntchito imene mukugwirayi kuchipatala timaigwira mosinthana mashifiti pomwe inu muli nokha usana ndi usiku. Koma madziwo abwezereni lero lomwe. Mukamawamana madzi mkodzo umakhala wochepa inde koma umakhala wamphamvu, wamtundu ngati tiyi wopanda mkaka, umanunkha kwambiri komanso umaotcha mkati mwa chikhodzodzo moti chimangofuna kuutaya pafupipafupi. Kuonjezera apo amadzimbidwa, ndipo chimbudzi chouma chikadzaza mmatumbo chimakankha chikhodzodzo, vuto lija nkukula. Munthu wamkulu azimwa makapu 6 mpaka 8 patsiku, pafupifupi lita imodzi ndi theka kapena malita awiri, pokhapokha ngati adokotala adanena kuti achepetse chifukwa cha mtima kapena impso. Chimene mungasinthe ndi nthawi yake, ambiri amwe mmawa ndi masana, ndiye kukatsala maola awiri kapena atatu kuti agone muchepetse. Tiyi wamasamba, khofi ndi Coca-Cola ndiye zimasokosera chikhodzodzo, madzulo asamwe zimenezi. Ndipo poti ndi a sitiroko muziwakhazika tsonga pomwa, asamwe chogona angatsamwe.

Alamu anu auzeni kuti sachita dala. Chikhodzodzo ndi thumba la minofu, chimasunga mkodzo wokwana pafupifupi botolo la theka la lita, ndipo pakhomo pake pali kamnofu kamene kamamanga ngati mphira uja timangira katundu panjinga. Chikayamba kudzaza chimatumiza uthenga ku ubongo, ubongo nkuyankha kuti dikira kaye sitinafike. Sitiroko imaononga ubongo womwewo, ndiye mawu oti "dikira" aja amafika mochedwa kapena osafika nkomwe. Tsiku lina uthenga wadutsa aitana, tsiku lina sunadutse, nchifukwa chake mukuona ngati amasankha. Komanso taganizani, munthu mwendo sukuyenda, dzanja limodzi lokha, chimbudzi chili panja kuseri, wavala zitenje ziwiri ndi andasiketi, ndipo woti amuitane ndi mpongozi wake amene pachikhalidwe chathu samayenera nkumuona thupi. Ena amangopirira chifukwa cha manyazi mpaka zitawapitirira. Odwala ambiri amene ndawasamalira chikhodzodzo chawo chinali bwinobwino, chimene chinkavuta ndi mtunda wochoka pabedi kukafika kuchimbudzi.

Ndiye musanagule chilichonse tengani kope, kwa masiku atatu lembani nthawi imene amwa, nthawi imene ataya madzi, ndi nthawi imene mwawapeza anyowa. Mudzadabwa kuti zili ndi nthawi yake, mwina ndi pakangopita ola atamwa phala, mwina ndi mbandakucha. Mukadziwa, muziwapititsa nthawiyo isanakwane, osadikira kuti aitane. Poyambira ndi maola awiri kapena atatu alionse masana, akangodzuka mmawa, akatha kudya, ndi asanagone. Osawafunsa kuti "mukufuna kukodza?" chifukwa ayankha kuti ayi mwaulemu, ingonenani kuti "amayi tiyeni tikataye madzi" ngati mmene mumanenera kuti nsima yapsa. Pitani kwa kalipentala akuboolereni mpando wathabwa wokhala ndi mogwira mmbali, pansi pake muziika ndowa yokhala ndi chivindikiro, mpandowo ukhale pafupi ndi bedi kumbali imene ili yamphamvu. Usiku pakhale tochi kapena kanyale, ndi kabelu kapena sipuni ndi mbale yachitsulo yoti azigogoda. Zovala zikhale zosavuta kukweza ndi dzanja limodzi.

Yang'ananinso mkabuku kawo ka kuchipatala. Anthu ambiri a BP kuno amamwa timapiritsi ta HCT, ena a mtima amamwa Lasix, onsewa ndi mankhwala okodzetsa ndipo amayenera kumwedwa mmawa. Ndinapezapo agogo ena akumwa usiku pogona chifukwa ndi nthawi imene mdzukulu wowapatsa amakhala atabwera kusukulu, titangosintha nthawi mabulangete anayamba kuuma. Osawasiyitsa mankhwala ayi, kafunseni za nthawi yokha. Mukapita konko apimenso mkodzo ndi shuga. Kwa okalamba matenda a mchikhodzodzo sabwera ndi kutentha thupi nthawi zonse, pena amangoyamba kusokonezeka mutu, kugonagona, kukana chakudya, anthu nkumati ayamba misala kapena ufiti pomwe ndi tizilombo tofunika mankhwala a masiku ochepa.

Tsopano khungu, apa ndiye pamene ine ndimaopa kwambiri kuposa fungo. Mkodzo ukakhalitsa pakhungu limafewa, limafiira, kenako limasupuka, ndipo kwa munthu wogona malo amodzi pamabuka zilonda za pabedi, kumapeto kwa msana, mmbali mwa chiuno, ku zidendene. Chilonda choterocho chimayamba masiku ochepa koma kuti chipole ndi miyezi. Akanyowa asintheni pompo, tsukani ndi madzi ofunda pang'ono, sopo wosanunkhira pang'ono pokha, kupukuta kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo, kenako kuumitsa mogunditsagunditsa kansalu osati mokhula. Pakani Vaseline wopyapyala kapena mafuta a zinc oxide aja timapaka makanda. Dettol, Jik, spirit, paudala, zonsezi ayi pakhungu. Ngati sakutha kudzitembenuza okha muziwatembenuza maola awiri alionse. Pamatiresi yalani makintoshi kapena pulasitiki yolimba, pamwamba pake chitenje chakale chathonje chopinda kawiri, asagone papulasitiki penipeni chifukwa thukuta lake limaononganso khungu. Zitenje zakale sungani zambiri, kuchapa chitenje nkosavuta kusiyana ndi bulangete.

Amuna anu nawo alowepo. Ngati mwambo sukuwalola kusambitsa mayi awo chabwino, koma kunyamula, kukhazika pampando, kutaya ndowa, kutunga madzi ochapira, kudzuka usiku wina kuti inu mugone, palibe mwambo umene umaletsa zimenezo. Alamu aja amene ali ndi maganizo ambiri abwere adzagone sabata imodzi.

FUNSO: Ndili ndi zaka 44, ana asanu onse ndinabereka bwinobwino, ndimakhala ku Zomba ndipo ndimaimba kwaya. Ndikaseka kwambiri, kutsokomola, kuyetsemula kapena kutwika ndowa timadontho timatuluka. Pachinkhoswe cha mwana wa achemwali ndinangokhala pansi osavina. Ndimavala kansalu tsiku lililonse ngati ndili kumwezi. Amayi anga akuti mzimayi aliyense wobereka amatero ndingozolowera. Zoona?

YANKHO: Achemwali, amayi anu akunena zoona theka. Ndi zoona kuti azimayi ambiri amatero, koma zoti muzolowere ayi, vuto lanuli ndi limodzi mwa amene amatheka kwambiri popanda olo piritsi. Pansi pa chiuno pali minofu imene imanyamula chikhodzodzo, chiberekero ndi matumbo, ili ngati chitenje chimene mwaberekera mwana, chikakhala chomanga mwana ali phee, chikamasuka amatsetsereka. Mimba zisanu, kubereka kasanu, zaka zosenza madzi ndi nkhuni, minofu ija yatamuka. Ndiye mukatsokomola mimba imakankhira pansi, khomo lija nkulephera kugwira. Mukadzasiya kusamba zimatha kuonjezeka, choncho nthawi yabwino yoyamba ndi ino.

Masewera ake anthu amawatcha a Kegel, dzina la dokotala wa ku America, Arnold Kegel, amene adalemba za iwo mu 1948. Kuti muipeze minofuyo yerekezani kuti muli mminibasi yodzaza ndipo mpweya woipa ukufuna kutuluka, mmene mumaugwirira muja, kufinya nkukokera mmwamba, ndi momwemo, kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Matako asafinyike, ntchafu zisagundane, mpweya musaugwire, muzipuma bwinobwino. Finyani muwerenge mpaka 5, masulani muwerengenso mpaka 5, mukamazolowera muzifika 10. Chitani maulendo 8 kapena 10 motsatizana, katatu patsiku. Yambani chogona chifukwa nkosavuta, kenako chokhala, kenako choimirira. Palibe amene amaona, mutha kuchita mukusankha mpunga kapena abusa akulalikira. Chimene chimagwetsa anthu ndi kutopa msanga, sabata ziwiri osaona kusintha basi asiya. Pamafunika miyezi itatu osadumphitsa. Ndipo phunzirani kufinya musanatsokomole, musanayetsemule, musanatwike ndowa, kachizolowezi kameneka kokha kamachepetsa madontho ambiri. Ena amaphunzitsana kuti uzidula mkodzo pakati ukamakodza, zimenezo musazisandutse masewera a tsiku ndi tsiku chifukwa chikhodzodzo chimazolowera kusamaliza.

Ngati thupi lakula, kuchepetsako pang'ono kumathandiza ndithu. Chifuwa chosatha kachipimitseni, kudzimbidwa kuthetseni ndi masamba, zipatso, mgaiwa ndi madzi. Mukamamva ngati kanthu kakulendewera kapena kutuluka kumaliseche, kapena miyezi itatu yatha palibe kusintha, pitani akakuoneni a matenda a amayi, zipatala zazikulu zilinso ndi a fizio amene amaphunzitsa zimenezi, ndipo opareshoni yake iliko kwa amene zakanika.

Pali anzanu ena vuto lawo limafanana ndi lanu koma si limodzi, iwo mkodzo umangowagwira mwadzidzidzi, akangomva madzi akutuluka pampopi kapena akangofika pakhomo ndi kiyi mmanja basi wayamba, ndipo amapita kuchimbudzi kakhumi nkuposa. Amenewo chikhodzodzo ndi chopupuluma, chimafunika kuchiphunzitsa kudikira, kuonjezera mphindi 15 pa nthawi imene amapirira sabata iliyonse, kwa sabata zosachepera 6. Ambiri amakhala ndi mitundu iwiri yonse nthawi imodzi.

FUNSO: Anamwino thandizeni. Mlongo wanga wazaka 18 ali kumudzi ku Mangochi. Matenda a uchembere atamuyamba adakhala masiku awiri kunyumba, pofika kuchipatala mwana anali atafera mmimba. Chichokereni kumeneko mkodzo ukungotuluka usana ndi usiku, olo atakhala, olo atagona, samva nkomwe kuti akufuna kukodza. Papita miyezi isanu. Mwamuna wake adachoka, akuchimuna akuti adayenda ndi amuna ena ali ndi pakati nchifukwa chake mwana adakanirira. Sapitanso kumsika kapena kumaliro, amadya yekha. Tapita kwa asing'anga awiri.

YANKHO: Achimwene, mwachita bwino kulemba, ndipo ndalama za sing'anga wachitatu musunge zikhale za thiransipoti. Mmene mwafotokozeramu zikuoneka kuti ndi fistula. Mwana akakanirira mnjira nthawi yaitali mutu wake umapanikiza minofu ya mayi pa fupa la chiuno, magazi osayenda pamenepo, minofu ija imafa nkuthothoka patapita masiku, pamatsala bowo pakati pa chikhodzodzo ndi njira ya abambo. Mkodzo ndiye umangodutsa pabowopo osasungika, nchifukwa chake samva kuti akufuna kukodza, chikhodzodzo sichidzaza nkomwe. Ena bowo limafika kunjira ya chimbudzi. Mwana amakanirira chifukwa chiuno ndi chaching'ono, makamaka kwa atsikana amene thupi silinakhwime, kapena mwana ndi wamkulu, kapena wagona mopingasa. Za kuyenda ndi amuna ena zija ndi bodza limene lapweteketsa atsikana ambiri, anthu amataya maola akumuumiriza mwana wamkazi kuti aulule maina mmalo mofuna galimoto.

Apa masewera a Kegel sangathandize, mapiritsi sangathandize, bowo limafuna kusokedwa, ndipo ambiri akasokedwa amauma nkubwerera kumoyo wawo. Ku Lilongwe pachipatala cha Bwaila pali malo apadera a fistula amene amathandizidwa ndi bungwe la Freedom From Fistula, chithandizo chake ndi chaulere. Yambirani pachipatala cha boma chapafupi amuone ndi kumulembera kalata yomutumiza, atenge kabuku kake. Muthanso kuimbira a Chipatala Cha Pa Foni, akulangizeni koyambira. Akapangidwa opareshoni amakhala ndi paipi ya mkodzo kwa sabata imodzi kapena ziwiri kuti posokapo papole, amauzidwa kukhala miyezi ingapo osagona ndi mwamuna, ayambe kaye kulera, ndipo mimba yotsatira ndi ya opareshoni basi, akadikirire kuchipatala masiku asanakwane.

Podikira ulendowo azimwa madzi ambiri. Ndikudziwa akumadzimana kuti asanyowe, onse amatero, koma mkodzo wamphamvu ndi umene ukumusupula ntchafu ndi kubweretsa fungo, komanso umatha kupanga timiyala mchikhodzodzo. Nsalu azisintha pafupipafupi, kuchapa ndi kuyanika padzuwa, Vaseline mntchafu. Ndipo inu monga mlongo wake mukapita kumudziko khalani naye pamkeka umodzi anthu akuona.

Kwa ena amene mukuwerenga, mayi akangoyamba kudontha chonchi masiku oyamba atabereka kapena atapangidwa opareshoni, thamangani naye, bowo laling'ono likapezeka msanga pena limatsekeka lokha ndi paipi yokha ya sabata zingapo. Koma mayi wachikulire amene adasiya kalekale kubereka akayamba kudontha mosalekeza, pamodzi ndi magazi kapena chikazi chonunkha, ameneyo akapimidwe khansa ya khomo la chiberekero, kuno kwathu ndi yochuluka ndipo ikakula imaboolanso chikhodzodzo.

FUNSO: Bambo anga a zaka 71 ku Ndirande kwa nthawi yaitali ankadzuka kasanu usiku, pokodza nkumachedwa, mkodzo wake wopanda mphamvu, thalauza kumangokhala lonyowa kutsogolo. Mwezi watha mkodzo udatsekeka tsiku lonse mimba nkutupa, kuchipatala adawaika paipi akuti ndi purositeti. Pano tili nawo kunyumba koma mkodzo wina ukumatuluka mmbali mwa paipi, ndipo iwo thumba lija amaliika pabedi pafupi ndi pilo kuti adzukulu asalione. Ine ndine mwana wamwamuna ndi amene ndikuwasamalira.

YANKHO: Bambo anu kudontha kwawo kunali kwa kusefukira. Purositeti ndi kachiwalo ka abambo kamene kamazungulira njira ya mkodzo pansi pa chikhodzodzo, munthu akamakula nako kamakula nkumafinya njira. Chikhodzodzo sichimaliza kutaya, chimangokhala chodzaza, ndiye zapamwamba zimatayikira ngati ndowa yoiwalidwa pampopi. Anthu a shuga wa nthawi yaitali zimawachitikiranso chifukwa mitsempha ya chikhodzodzo imafooka. Mtundu umenewu ndi woopsa mwakachetechete chifukwa mkodzo umabwerera mmbuyo nkuononga impso. Kukula kwa purositeti sikuti ndi khansa nthawi zonse, kawirikawiri si khansa, koma apimidwe kuti mudziwe.

Thumba lichoke pa pilo. Liyenera kukhala pansi kuposa chiuno nthawi zonse, mkodzo umatsika sukwera, likakhala mmwamba wakale uja umabwerera mchikhodzodzo ndi tizilombo take. Likolekeni mmbali mwa bedi koma lisakhudze pansi, ngati nkhani ndi manyazi asokereni kathumba kachitenje kovindikira. Poyenda paipi imangidwe pantchafu kuti isakokeke. Khuthulani thumba lisanadzaze, likangopitirira theka, musambe mmanja musanagwire ndi mukamaliza, kampopi kake kasagunde ndowa. Tsiku lililonse tsukani polowera paipi ndi madzi ndi sopo, ndipo ngati sanadulidwe, khungu la kunsonga mukalikankhira mmbuyo potsuka mulibwezeretse, mukaiwala limatupa nkukanirira ndipo ndi ulendo wa kuchipatala usiku. Musamalumule paipi ndi thumba mwachisawawa, ndipo musayese kuizula, mkatimo muli kabaluni kamadzi kamene kangawang'ambe.

Kutuluka mmbali kuja yambani mwaona ngati paipi yapindika kapena aigonera, ngati adzimbidwa, ngati mthumba mukulowabe mkodzo. Ngati mthumba simukulowa kanthu kwa maola angapo ndipo pachinena patupa kapena pakupweteka, yatsekeka, pitani nthawi yomweyo. Chimodzimodzi akatentha thupi, kunjenjemera, kusokonezeka kapena magazi oundana. Paipi ili ndi tsiku losinthira, zamphira zachikasu zija nthawi zambiri ndi pafupifupi mwezi, za silikoni zimafika miyezi itatu, funsani tsiku lake lilembedwe mkabuku. Ndipo pokasintha mufunse funso ili, kodi pulani ndi yotani, mankhwala, kuyesa kuichotsa, kapena opareshoni? Ndaonapo abambo akukhala ndi paipi zaka chifukwa palibe adafunsa. Piriton ndi mankhwala ena a chimfine amatha kutseka mkodzo kwa abambo a purositeti, asamangogula pagolosale. Chibuku nacho apumire kaye.

FUNSO: Ndine msodzi ku Nkhotakota. Mkodzo umandigwira pafupipafupi mpaka kudontha ndisanafike, ndipo kumapeto kumabwera magazi pang'ono. Anzanga akuti kunyanja kuno ndi zachizolowezi.

YANKHO: Ndi zachizolowezi chifukwa likodzo ndi lochuluka kunyanjako, osati chifukwa ndi zabwino. Tinyongolotsi take timachokera mu nkhono za mmadzi, timalowa pakhungu, mazira ake amakakhazikika mchikhodzodzo nkumachikanda. Kapimitseni mkodzo, mankhwala ake ndi praziquantel, amapereka molingana ndi thupi lanu ndipo mumwe mutadya. Poti mubwereranso mmadzi mutha kutenganso, ndiye si zomwa kamodzi moyo wonse. Likodzo lolekerera zaka limaumitsa chikhodzodzo, limaononga impso, limathanso kuyambitsa khansa. Mukamwa mankhwala magazi osasiya bwereraninso akaone bwino.

FUNSO: Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba ku Leeds. Agogo anga ku Dedza ayamba kuiwalaiwala ndipo akumadzinyowetsa pena ndi pena, amayendabe okha. Ndikufuna ndizitumiza ndalama ya madayapa mwezi uliwonse ngati mmene timachitira kuno. Ndi saizi yanji yabwino, ndipo usiku angavale awiri?

YANKHO: Awiri ayi, kuntchito kwanuko adakuuzani kale ndikhulupirira, dayapa ili ndi pulasitiki kunja ndiye yamkati ikadzaza mkodzo umangothawira mmbali, yachiwiriyo ntchito yake nkutenthetsa khungu basi. Saizi amayeza mchiuno, yaikulu kwambiri imadontha kuposa yokwana. Koma ine ndikadakhala inu sindikadayambira pamadayapa. Agogo amene akuyendabe okha mukawaveka dayapa tsiku lonse owasamalira amasiya kuwaperekeza, iwonso amasiya kuyesa, pakatha miyezi iwiri zimene zinali za pena ndi pena zasanduka za nthawi zonse. Komanso kumudzi mukaitaya kuti? Mchimbudzi chokumba siola, chimadzaza msanga, kudzala agalu amafukula. Munthu woiwalaiwala kawirikawiri amaiwala kumene kuli chimbudzi kapena amazindikira mochedwa, ndiye amene akukhala nawo aphunzire zizindikiro zawo, kutekeseka, kukokakoka chitenje, kuyendayenda pabwalo, nkuwatsogolera mwaulemu osawakalipira pamaso pa ana. Akayambe apimidwa mkodzo ndi shuga kuchipatala. Ndalama ya mwezi woyamba itumizeni ya mpando woboola, ndowa yachivindikiro, makintoshi, zitenje zinayi, sopo, Vaseline ndi tochi ya sola, kotsalako kapatseni amene akuchapayo. Madayapa gulani paketi imodzi yokha, ya usiku wovuta, ya kutchalitchi ndi ya paulendo wa minibasi wopita kuchipatala.